Adadi Akufuna Boti la Mafunde

Kumgodi, Pilbara
9 Febuluwale

Okondedwa Adadi,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu. Chiuno chija chikuti bwanji? M'kalata yanu mwalembamo za galu, za mpope wothirira malalanje, za mvula imene sikubwera, koma za chiunocho zii. Ine kuno ndili bwino. Kukutentha moti chitseko cha chigalimoto changa sichigwirika ndi dzanja lopanda gulovu, ndipo fumbi lofiira lalowa mpaka m'mano.

Ndikanaimba foni, koma ndikudziwa kuti kachipangizo ka m'khutu kaja mumakasiya m'kabati, ndiye tizingokuwa ngati anthu oitanizana tsidya ndi tsidya. Tizilemberana basi.

Za boti ndamva. Ngati makaniko wanena kuti injini yafa, yafa, inali yaikulu kwa ine msinkhu. Monga tinapangana pa Khirisimasi litayamba kuvuta, ine ndiika madola 30,000 amene ndasunga, inu muike anu, tigule lina. Koma pali chimene chandizunguza mutu. Ine ndimayesa tikugula longa lomwelo: injini pakati, lopepuka, lothamanga, losiya madzi ali see kumbuyo kuti wokokedwa pa masikii, timatabwa totsetserekera pamadzi tija, adutse bwino. Ndiye ndikutsegula envulopu, mukugwa chithunzi chodula m'magazini cha chiboti cha mafunde, m'munsi mwake mwalemba ndi pensulo kuti, "Tafufuza za awa."

Awa? Si inu amene munkaima pagombe la mtsinje wa Murray pa Waikerie n'kumatukwana maboti amenewa? Munkawatcha mabafa. Munkati amagumula gombe, amasokosa ndi nyimbo, ndipo okwera kumbuyo kwake ndi alesi oopa liwiro. Malemu Amayi ankachita kukukokani malaya kuti mukhale pansi. Lero mwatani?

Ndifufuza, poti mwandituma. Koma mundiyankhe.

Lakalelo musaligulitse kaye ngakhale Brodie akukakamizeni. Mchimwene wangayo chilichonse amachiona ngati malonda. Mulifunditse bwino kuti dzina la Amayi lili m'mbalimo lisasuluke.

Ndine mwana wanu,
Tegan


Kumgodi
3 Malichi

Okondedwa Adadi,

Ndakondwa kumva kuti muli bwino, ngakhale "bwino" wanuyo ndi wa mzere umodzi. Nanenso ndili gwa. Funso langa lija mwaliyankha kuti, "Munthu amasintha." Basi, pepala lonse.

Kuno kukomboni pafupifupi mwamuna aliyense ali ndi boti kwawo limene sapeza nthawi yolikwera, amangoonetsana zithunzi pa nthawi ya chakudya. Wodziwa kwambiri za a mafundewa ndi a Thommo, madala ena a imvi a ku Mandurah, oyendetsa chigalimoto ngati ine. Nditawafunsa anakankhira mbale pambali, n'kuika kapu pakati pa thileyi.

"Ili ndi boti la adadi ako," anatero. Kenaka anakankhira kapuyo kumapeto. "Ili ndi langa. Injini ikakhala kumbuyo, matako a boti amamira. Ndiye umapopera madzi m'mathanki a pansi, olemera ngati ng'ombe zingapo. Botilo limalima mtsinje, kumbuyo n'kudzuka funde lofika m'chiuno, losatha. Iwe umaima pa kathabwa kakafupi, n'kutaya chingwe, fundelo lizikukankha lokha."

"Pafupi choncho, pulopela osandidula miyendo?"

"Pulopela ili pansi pa mimba ya boti, osati kumchira. N'chifukwa chake masewerawa sachitika ndi injini zopachika kunja zija. Ukayesa, udzafika kumwamba chokwawa."

Akuti liwiro lake ndi la njinga yakapalasa, ndipo ukagwa uli ngati wagwera pa matiresi, pomwe pa masikii madzi amasanduka simenti. Zoipa zake sanabise. Limamwa mafuta, ndi lolemera moti pikiapu yanu yakaleyo singalikoke, ndipo wa masikii sasangalala nalo chifukwa funde lake limakhala ngati chulu panjira. Latsopano ndi madola 180,000 kupita m'mwamba, mtengo wa kanyumba. Logwirapo ntchito 80,000. La masikii labwinobwino tikhoza kulipeza pa 45,000.

Atanena kuti limanyamula anthu khumi ndi anayi ndinaseka. Iwo n'kufunsa, "Adadi akowo amakhala ndi ndani?"

"Okha, ndi galu."

"Nanga mipando yonseyo ya chiyani?" Anamwa tiyi wawo akundiyang'ana pamwamba pa kapu. "Chemwali, galu wamkota sakandira pachabe."

Ndinawauza kuti asandilaule. Koma mawuwo sanandichoke.

Kuntchito kwabwera zachilendo. Abweretsa zigalimoto zoyenda zokha, zopanda woyendetsa. Ndinadutsana nacho chimodzi chitasenza miyala, ndinakweza dzanja mwa chizolowezi, pampando palibe munthu. Ndimachiyang'anitsitsa nthawi iliyonse. Chimaponda m'mapazi mwake momwemo ulendo uliwonse, sichiyasamula, sichipempha kukataya madzi. Mabwana akuti tisade nkhawa. Akunena kawirikawiri ndithu.

Pa Isitala ndibwera, ndagula kale tikiti.

Mwana wanu,
Tegan


Kumgodi
24 Epulo

Okondedwa Adadi,

Ndafika bwino, ndipo zikomo pondisunga. Koma musandinamizenso za thanzi lanu. Ndinakuonani mukukwera masitepe a pakhonde chammbali ngati nkhanu.

Ndili ndi mafunso. Pamaso sindikanatha kufunsa, chifukwa mukafuna kuthawa nkhani mumangoloza khutu.

Ndevu munayamba liti kumeta tsiku ndi tsiku? M'filiji munali timpukutu ta mpunga tokulunga m'masamba a mphesa, chonsecho inu dzira lokazinga limakupsererani. Ndinadyako, tinali tokoma, koma mbale yake ya maluwa obiriwira si ya m'nyumba mwathu. Pamapewa panu dzuwa lajambula jekete yoyandamitsa, pomwe boti lathu linafa mu Januwale. Ndipo pofuna fosholo kuseri kwa shedi ndinapeza kathabwa kakafupi konenepa, konga kamene a Thommo anandionetsa pafoni.

Inu munati n'ka Brodie. Madzulo ake tikuotcha nyama ndinamufunsa Brodie.

"Kathabwa kanji?" anatero.

"Kali kuseri kwa shedi."

Anayang'ana mkazi wake, mkazi wake anayang'ana masoseji. "Funsani Adadi, achemwali. Ine za akuluakulu sindilowerera."

Brodie ameneyo, wolowerera ngakhale ndewu za agalu a eni.

Sindikukwiya ayi. Ndikungofuna kudziwa, monga ndinkafunira kudziwa za m'kati mwa injini ndili mwana, inu n'kundipatsa sipanala kuti ndidzionere ndekha. Akukukokani pamtsinje ndani?

Za boti: ndaona la masikii likugulitsidwa ku Renmark pa 42,000. Mupite ndi Brodie mukalione. Mukaponde pansi paliponse kuona ngati matabwa sanafumbwe, ndipo injini akailize inu muli pompo, isanatenthe. La mafunde lilipo ku Mildura pa 85,000, koma pamenepo dzanja lathu silifika.

Zigalimoto zoyenda zokha zija zaswana. Anyamata ena amene anapita ku tchuthi limodzi nane sanabwerere, zipinda zawo n'zokhoma. Zina tidzakamba.

Ndine wanu,
Tegan


Kumgodi
11 Meyi

Adadi,

Ndikhulupirira muli bwino. Ine ndilipo.

Brodie waulula pafoni. Akuti ndi a Voula Kalimnios, amasiye a kumunda wa mphesa wa kutsidya kwa msewu, ndipo akuti tawuni yonse ikudziwa, mpaka wothira mafuta. Ine ndekha ndiye ndimafufuza mitengo ngati chitsiru, osadziwa kuti mipando yonse ija ndi ya zidzukulu za eni.

Akutinso boti la Amayi mwalitulutsa m'shedi, lili pansi pa bulugama, kuti mupeze malo a latsopano. Zaka zitatu sizinakwane chimwalirire Amayi, Adadi.

Ndalama zanga ndinasungira boti la banja lathu, la masikii, longa limene tinakulira. La ku Renmark lija ngati mukulifuna, nditumiza. La mafundelo agule okwerawo.

Kuno ayamba kutiitana mmodzimmodzi ku ofesi. Ine sanandiitanebe.

Musaiwale katemera wa galu mwezi uno.

Tegan


Kumgodi
20 Julaye

Okondedwa Adadi,

Mwadzuka bwanji ndi chiuno chachitsulocho? Kalatayi ndatumiza kunyumba, ndikhulupirira ikupezani mutatuluka m'chipatala. Ine ndili bwino, kungoti kuno m'mawa kukuzizira kolowa m'mafupa.

Miyezi iwiri yonseyi ndimayesa mwangondikwiyira. Lachinayi, pa nthawi yopuma masana, foni inalira, nambala yanu. Ndinadabwa, poti inu simuimba. Kuyankha, mawu a mzimayi.

"Ndiwe Tegan? Ine ndine Voula, amene ukundikwiyira uja."

Ndinaika sangweji yanga pansi.

"Abambo ako ali m'chipatala ku Adelaide, awaika chiuno chatsopano dzulo. Ali bwino, ayamba kale kudandaula za tiyi. Anandiletsa kukuuza, koma ine si mkazi wawo, sindiwamvera."

Ndinafunsa kuti zinayamba liti. Akuti adokotala anakuuzani chaka chatha kuti za masikii muiwale, mukagwanso paliwiro simudzadzuka. Akuti chilimwe chonse munkanyamula kampando kopinda n'kukakhala pagombe, kumangoyang'ana anzanu akudutsa. Pa Khirisimasi munandiuza kuti mwangotopa, ine n'kukhulupirira.

"Tsiku lina mwana wanga anadutsa ndi boti lake la mafunde," anatero a Voula, "abambo ako n'kuimirira ndi ndodo, kuyamba kutukwana. Ine ndinali m'botimo. Ndinati, 'Noel, mawu anu sakumveka ndi injiniyi. Lowani mudzatukwanire m'kati.' Analowa."

Ndinaseka mosafuna, Adadi, anzanga mpaka kucheuka.

Akuti iwo, a zaka makumi asanu ndi limodzi mphambu zinayi, ndi amene anakuphunzitsani kuima pa kathabwako. Akuti munagwa masabata angapo, ndipo tsiku limene munataya chingwe munatuluka m'madzi maso ali psuu, n'kumati ndi matope a mtsinje. Kenaka mwana wawoyo anapeza ntchito ku Darwin, boti n'kupita nalo. M'pamene munadula chithunzi chija.

Ine ndinafunsa chimene chinali pamtima. Ndinati, "Nanga inu mukufuna chiyani kwa Adadi?"

Sanakhumudwe. "Amayi ako Lorraine tinkapakira limodzi malalanje tili atsikana. Mpando wawo sindikuufuna. Ndili ndi nyumba yanga, ndipo nanenso ndili ndi manda anga okalambula. Ndikungofuna munthu wodya naye Lamlungu, wondiyankha mwano. Abambo ako amatha."

Kalata ya Meyi ija muyatsire mbaula.

Koma mafunso sanathe, achita kuchuluka. Mumalankhulana bwanji inu osamva, iwo olankhula ngati wailesi? Kachipangizo kaja mumavala akabwera? Kodi amaimadi pafunde osagwa, kapena amandinamiza? Mundiuze zonse, muli ndi nthawi tsopano, simukuyenda.

Muzichita zimene a mafizo akuuzani. Thirakita musakwere, Brodie alipo. A Voula mundiperekere moni.

Mwana wanu,
Tegan


Kumgodi
14 Seputembala

Okondedwa Adadi,

Ndasangalala kumva kuti mwasiya ndodo imodzi ndipo mukufika kumpope nokha. Ine thupi lili bwino. Zina zili m'munsimu.

Pa tchuthi chapitachi sindinakhale mumzinda wa Perth monga mwa nthawi zonse. A Thommo ndi akazi awo ananditengera ku Mandurah kukaona boti lawo. Ndinafuna ndidzionere chimene chinakutembenuzani mtima.

Poyamba ndinanyansidwa. Tinaima pakati pa madzi kudikira mathanki adzaze, ine n'kumaganiza kuti ndi boti lathu lija bwenzi titazungulira kale kawiri. Titanyamuka, liwiro la maliro. Koma kucheuka kumbuyo, funde lili njo, losalala ngati lasitidwa, likungotitsata.

Ndinamwa madzi amchere osasimbika. A Thommo akungokuwa, "Usalimbane nacho, si chigalimoto ichi. Ukafuna kupita lemera mwendo wakutsogolo, ukafuna kuima wakumbuyo." Kenaka mwadzidzidzi chingwe chinangolendewera m'manja mwanga, chopanda ntchito. Ndinachiyang'ana, n'kuchiponyera m'boti. Palibe chimene chinkandikoka, Adadi, koma ndinkapita. Mpaka lero ndikagona ndimaganiza kuti zimatheka bwanji, madzi oyenda koma osachoka pamalo.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti umakhala pafupi. Pa masikii uli wekha kutali kumapeto kwa chingwe, anthu m'boti ngati nyerere. Apa akazi a Thommo anandifunsa ngati ndikufuna tiyi ndili pafunde, ine n'kuyankha. Ndinaganiza za inu. Pafupi choncho mukhoza kuwerenga milomo ya anthu.

Liwiro ndinalisowabe, sindinama. Tinakhuthula mathanki n'kuyesa masikii. Zimatheka, koma ngati kuthamanga m'munda wa mizere.

Tsopano nkhani ija ndakhala ndikuizungulira. Ku ofesi anandiitana. Ntchito yoyendetsa itha kumapeto kwa Okutobala, kwa tonse. Owerengeka atipatsa mwayi wina: kukakhala m'chipinda chozizira ku Perth, kumayang'anira zigalimoto zomwezo pa makompyuta. Ine ndili m'gulumo. A Thommo mulibe, akuti zala zawo n'zonenepa. N'chifukwa chake boti akuligulitsa, pa 72,000. Pondiuza mtengowo ankayang'ana kumbali.

Ndiye ndaima pamphambano. Ndikapita ku Perth, ndalama ya boti ipezeka, koma botilo ndizilionera pa zithunzi ngati amuna a kukomboni kuno. Ndikabwera kumudzi, ndibwera ndi zimene ndasunga ndi kandalama kotsanzikira, popanda ntchito. Kuika zonsezo m'boti kungakhale kupenga. Komanso ndatopa ndi kudziwa za kwathu kudzera mwa Brodie.

Mundiuze maganizo anu, koma osati mzere umodzi.

Chinthu chimodzi chokha sindisintha. Boti la Amayi libwerere m'shedi. Likabwera lina, ligone panja, kapena kwa a Voula.

Ndine wanu,
Tegan


Mandurah
18 Novembala

Okondedwa Adadi,

Moni kwa inu, kwa Brodie ndi banja, ndi kwa a Voula. Ndamva kuti ndodo yachiwiri mwaiponya padenga la shedi. Mukaitsitse, idzafunika. Ine ndili bwino, ndikugona kwa a Thommo, ndipo fumbi layamba kuchoka m'makutu.

Masamba anayi, Adadi. Sindinkadziwa kuti muli ndi mawu ambiri choncho. Ndawerenga zonse, za munda umene ukufuna manja, za chipinda changa chimene mwapenta, ndi pamene mwati, "Za boti iwala, sunga ndalama zako, ine ndinakhalapo kale pagombe sindinafe." Zina zonse ndavomera. Pamenepo pokha ndakana.

Ntchito ya ku Perth ndinaibweza. Bwana anandifunsa kawiri ngati ndaganiza bwino. Ndinati ndaganiza.

Za boti musakalipire munthu, zatha kale. A Voula anandiimbira, akuti, "Abambo ako akudzichepetsa ngati wansembe, zikundinyansa. Mpatse foni mwini botiyo." Ndinawapatsa a Thommo. Anazungulira bwalo lonse foni ili kukhutu, akungoti "koma mayi," "imvani mayi," osamaliza. Pobweza foniyo anapukuta thukuta.

"Chemwali, mayi ameneyu akanakhala wa bungwe lathu la antchito, bwenzi tonse tili pantchito."

Agwirizana pa 66,000, tigawana patatu: inu, ine, ndi a Voula. Pamwamba pake a Voula alonjeza kuti a Thommo ndi akazi awo azibwera pa Isitala iliyonse kudzakwera, kugona ndi kudya kwaulere. Ndikuganiza kuti chimenecho n'chimene chinawagonjetsa. Dzulo a Thommo analitsuka tsiku lonse, mpaka pansi pa mipando, osalola munthu kuwathandiza.

Ndinyamuka Lolemba la sabata yamawa, ndikulikoka ndi pikiapu yanga kudutsa chipululu cha Nullarbor. Ndiziyenda masana okhaokha chifukwa cha nyama pamsewu, ndiye musayambe kuima pageti msanga. Brodie adule nthambi ya mlalanje ya pakhomo ija, botili n'lalitali. Mufunse adokotala tsiku limene angakuloleni kulowa m'madzi, ndipo ndikufuna ndimve kwa iwo, osati kwa inu. Funde tizikadzutsa kumalo otambalala kokha, kutali ndi magombe ogumuka. Sindikufuna mdala wina adzatiimirire ndi ndodo.

Chotsala ndi ichi. A Thommo andikumbutsa kuti masewerawa safuna anthu awiri, amafuna atatu: wina pafunde, wina pachiwongolero, wina wokhala chopenya kumbuyo, maso ali pa wokwerayo, kuti akagwa akweze dzanja. Ndaganizira usiku ndi usana za mmene tikhalire.

Chiwongolero n'changa. Zaka zonsezi ndayendetsa zinthu zazikulu kuposa nyumba yathu, bafa silingandivute. A Voula muwauze kuti mpando wopenya kumbuyowo ndi wawo. Ine maso adzakhala kutsogolo, sindingathe kukuonani. Azikuyang'anirani iwowo.

Ndine mwana wanu,
Tegan